NYIMBO IKAKANA KUBWERA

Mwezi wa Novembala, pa 22, Mpingo umakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba. Kucokera tsiku limenelo makwaya athu sapumanso mpaka Khrisimasi itapita. Ndi nyengo imene aliyense afuna nyimbo yatsopano: kwaya ifuna ya pa Misa ya usiku, banja lifuna ya pa ukwati wa mwana wao, wamalonda afuna yoitanira anthu ku sitolo yake. Ambirife timangolandira nyimbo monga timalandirira nsima pa mbale, osaganiza za amene anasinja. Lero tiyeni tikambe za osinjawo, ndiponso za tsiku limene amakhala pansi kuti apeke nyimbo koma m'mutu muli zii.

Amene amayenda mu Kamwala adziwa kuti kuno nyimbo sizitha. Pa khomo la sitolo pali cimkuzamau, pa msika pali cina, m'minibasi muli cina. Nyimbo zambiri zimene timamvazo zimabadwira pafupi pomwe, m'tizipinda ta kumbuyo kwa nyumba mu Kamwala, Kabwata, Chawama, Kanyama ndi Matero. Mnyamata amapacika mabulangete ndi makatoni a mazira pa cipupa, nagula kompyuta, kiyibodi ndi maikolofoni imodzi, basi situdiyo yatha. Iye ndiye pulodyusa: amapanga biti, amapeka cuni, amajambula woimba. Nchitoyi imalipira lendi ya nyumba ndi fizi ya azing'ono ake. Cuni cikakana kubwera kwa sabata ziwiri, woimba amene analipira kale ayamba kugogoda pa citseko, ndipo mphika wa panyumba uzizira. Mphunzitsi wa kwaya salandira ndalama, koma nayenso ali ndi anthu makumi atatu omuyang'ana pa Cisanu madzulo, kudikira nyimbo imene analonjeza. Onse awiri adwala nthenda imodzi.

Citsime cimaphwa pa zifukwa zake

Coyamba ndi kutopa kwa thupi. Munthu amene wacezera usiku wonse ndi mahedifoni kumakutu, wadya mkate wokha ndi tiyi, asadabwe kuti kwaca m'mutu mulibe kanthu. Khutu limatopa monga msana umatopera. Ukamvera kacidutswa kamodzi maulendo zana, sudziwanso ngati n'kokoma kapena ayi.

Caciwiri ndi mantha. Mwa wopeka nyimbo aliyense mumakhala anthu awiri, woumba ndi woweruza. Woweruza ali ndi nthawi yake, koma akafika m'mawa kwambiri, mbiya ikali dongo, amaiphwanya isanaime. Mnyamata aimba manotsi anayi, nati, "Aa, izi anzanga adzandiseka," nafafaniza. Ayambanso, nafafanizanso. Pofika madzulo wapha nyimbo khumi zimene zikadakula.

Cacitatu ndi makutu odzala ndi nyimbo za ena. Masiku ano foni imatibweretsera nyimbo za ku Lagos, ku Johannesburg ndi ku Kinshasa usana ndi usiku. Kumvera n'kwabwino, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma mtsuko wodzala sulandiranso madzi. Amene sakhala chete ngakhale ola limodzi pa tsiku sangamve kanyimbo kake kamene kakunong'ona pansi pa phokoso lonselo.

Cacinayi ndi cizolowezi ca zala. Zala zili ndi njira zao zimene zimakonda, monga mbuzi zobwerera ku khola. Ukakhala pa kiyibodi zimathamangira ku makodi omwe aja atatu kapena anayi. Kompyuta nayo imabwereza kacidutswa komweko mosatopa, ndipo cuni cimakakamizidwa kuyenda m'khola laling'onolo. M'zaka za m'ma 1970, pamene magulu monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankajambula nyimbo, ndi pamene malekodi ankadindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola, ola la mu situdiyo linali la mtengo wapatali. Gulu linkalowa ndi nyimbo yopsa kale, imene laiimba pamaso pa anthu. Lero makina ali pafupi ndi bedi, ndipo mnyamata amawayatsa asanadziwe cimene afuna kunena.

Comaliza, ndipo ndico cacikulu, ndi mtima wolemedwa. Salimo 137 likamba za Aisraele ali mu ukapolo ku Babiloni, amene anapacika azeze ao m'mitengo cifukwa sakadatha kuimba m'dziko la eni. Maliro, ngongole, mkangano wa m'banja, zonsezi zimatseka pakhosi. Komabe taonani: kulephera kuimba komweko ndiko kunasanduka salimo limene tikuliimba mpaka lero. Nthawi zina cinthu cimene cakutseka pakhosi ndico ciyenera kukhala mutu wa nyimbo yako.

Yamba ndi mau, pakuti cuni cili m'kati mwao

Cinyanja cathu ndi cilankhulo coimba kale. Nenani mokweza "mtengo" wa m'nkhalango, kenaka "mtengo" wa pa msika. Zilembo n'zofanana, koma pa woyamba liwu limakwera pakati, pa waciwiri limayenda pansi. Nenaninso ciganizo ciliconse, mudzamva kuti pofika kumapeto timakoka cidutswa caciwiri kucokera kothera, ndipo comaliza cimagwa mofewa. Mmishonale wa Anglican, A. M. Jones, amene anakhala zaka zambiri pa St Mark's ku Mapanza natulutsa buku lake la nyimbo za mu Africa mu 1959, anaona kuti m'nyimbo za makolo athu cuni cimakonda kutsata kukwera ndi kutsika kwa mau olankhulidwa. N'cifukwa cake nyimbo zina zomasuliridwa kucokera ku Ulaya zimamveka ngati munthu wovala nsapato za mnzake: cuni cikwera pamene mau atsika, ndipo cimenya mwamphamvu cidutswa comaliza cimene ife timacisiya cigone.

Pamenepa pali mankhwala oyamba. Tseka kompyuta, tenga mzera umodzi wokha wa mau, mwacitsanzo, "Amayi apita kumsika, abwera dzuwa litalowa." Unene mokweza kakhumi, monga ukuuza munthu ali kutsidya kwa msewu. Pamene liwu likwera, likweze pang'ono koposa. Pamene litsika, litsitse. Omba m'manja potsata kayendedwe ka mauwo. Usanafike kakhumi udzapeza kuti suli kulankhulanso, wayamba kuimba. Cuni cimeneco palibe angati wamubera, cifukwa catuluka m'kamwa mwako ndi m'cilankhulo ca amayi ako. Makodi ndi ng'oma zibwere pambuyo, zidzatsate cuni monga operekeza mkwatibwi.

Mau abwino angathe kudikira cuni cao nthawi yaitali, ndipo palibe camanyazi. Nyimbo ya Khrisimasi yochuka pa dziko lonse, "Stille Nacht", mau ake analembedwa ndi wansembe wacinyamata, Joseph Mohr, mu 1816. Anakhala pa pepala zaka ziwiri. Pa 24 Disembala 1818 anawapereka kwa mphunzitsi wa sukulu, Franz Gruber, amene anapeka cuni, ndipo usiku womwewo anaiimba ndi gitala m'chalichi ca ku Oberndorf ku Austria. Mwini mau analibe cuni, mwini cuni analibe mau. Mutu umodzi susenza denga.

Bwerera ku citsime ca kwanu

Mankhwala aciwiri ali kwa agogo. Mu Lusaka muno muli amayi ambiri ocokera ku Katete, ku Chadiza, ku Petauke ndi ku Lundazi amene m'mitu mwao muli nkhokwe za nyimbo: za pamtondo, za cimtali ndi citelele, zotonthoza mwana, za m'nthano, za pa maliro. Mdzukulu akufunafuna cuni pa intaneti pamene mwini cuni wakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, akusenda nshawa. Pita ukakhale pansi, upemphe mwaulemu kuti akuimbire. Chera khutu ku kamangidwe kake. Nyimbo zambiri za kwathu ndi zazifupi. Zimayambira pamwamba ndi kutsika pang'onopang'ono. Mmodzi amayambitsa, ena navomera, ndipo ovomera amalowa woyambitsa asanatsirize. Manotsi ndi ocepa, koma nyimbo imagwira mudzi wonse.

Oimba athu aakulu anamwa pa citsime comweci. Alick Nkhata, atabwerako ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anagwira nchito ndi Hugh Tracey, amene ankayenda m'midzi kujambula nyimbo za makolo. Pambuyo pake, ali pa wailesi ya Central African Broadcasting muno mu Lusaka, ankatenga kamangidwe ka nyimbo za kumudzi nakaveka gitala, ndipo anthu a m'tauni anadzimva okha m'nyimbo zake. Anamwalira mu 1978, koma nyimbo zake sizinafe. M'zaka za m'ma 1980 kalindula, imene mizu yake ili ku Luapula, inadzaza dziko lonse kudzera mwa oimba monga P. K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Ku Congo, mu 1958, wansembe wa cipani ca Fransisko Woyera, Bambo Guido Haazen, pamodzi ndi aphunzitsi ndi anyamata a kwaya ya ku Kamina, anaika mau a Cilatini a Misa pa maimbidwe a Aluba, ndipo panabadwa Missa Luba imene inamveka maiko ambiri. Zaka zisanu pambuyo pake, pa 4 Disembala 1963, Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican unalamula kuti nyimbo za mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo pa cipembedzo. Khomo limeneli linatsegulidwa kalekale. Ndife amene timaiwala kulowapo.

Koma apa pafunika nzeru, makamaka kwa inu aphunzitsi a kwaya. Tengani kamangidwe, musanyamule nyimbo yonse ndi kungosintha mau. Cuni cimakumbukira kumene cinacokera. Mukatenga ca pa mowa ndi kuikapo mau oyera, akulu a kumbuyo kwa chalichi adzamva mau akale m'mitu mwao, ndipo m'malo mopemphera adzayamba kugwirana zigongono. Nyimbo za ku cinamwali ndi za kudambwe zili ndi eni ake ndi malo ake, zisiyeni komweko.

Dzicepetsere munda

Munthu wopatsidwa dambo lonse kuti alime amaima n'kumangoyang'ana. Wopatsidwa mizera isanu amayamba. Kompyuta ya masiku ano, yokhala ndi mapulogalamu monga FL Studio, ili ndi zoimbira mazanamazana, ndipo mnyamata angathe tsiku lonse akusankha kulira kwa ng'oma, osapeka kanthu. Dziikire malire. Nena kuti, lero ndigwiritsa manotsi asanu okha. Kapena kuti, ndipeka funso la manotsi anayi ndi yankho la manotsi anayi, funso lithere m'mwamba, yankho lithere pansi. Kapena yamba ndi kuomba m'manja kokha, cuni cikwere pamwamba pa kuombako. Ngati nthawi zonse umayambira pa do, lero yambira pa so. Ngati zala zako zazolowera kiyi imodzi, samukira ku ina imene sizidziwa njira, kuti khutu litsogole, zala zitsate.

Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Masitudiyo aang'ono anavutika kwambiri, ndipo ambiri anataya ndalama. Koma mdimawo unatikumbutsa cinthu cimodzi: pakhosi sipafuna magetsi. Cuni cimene sungathe kuciimba ndi pakamwa pokha, popanda biti yocigwiriza, n'cofooka. Cimene mwana angaciimbe popita kukatunga madzi atacimva kawiri, cimeneco n'camoyo.

Khasu la tsiku ndi tsiku

Ena amaganiza kuti nyimbo imagwa ngati mvula, ndipo wopeka angodikira mitambo. Mvula ndi ya Mulungu, koma ikagwa pa munda wosalima imameretsa udzu. Sankha ola limodzi, makamaka m'mamawa mutu ukali wopepuka, ndipo tsiku lililonse upeke kacidutswa kamodzi, kabwino kapena koipa. Usakaweruze tsiku lomwelo. Kajambule pa foni kapena kalembe m'kabuku ndi do re mi, ukasiye. Pa Loweruka mvera zonse zisanu ndi cimodzi. Zinayi udzataya, cimodzi udzasunga, cimodzi udzadabwa kuti cinacokera kwa iwe. Ludwig van Beethoven ankayenda ndi kabuku m'thumba, ndipo mabuku akewo, amene asungidwa mpaka lero, aonetsa kuti macuni ena amene timati anatsika kumwamba anawalemba ndi kuwakonza kambirimbiri asanakhale bwino. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndipo ukalimbana ndi nyimbo maola awiri osaphula kanthu, nyamuka. Yenda pansi kucokera ku Kamwala mpaka ku Kabwata ndi kubwerera, wopanda zomvera m'makutu. Mvera mayi wogulitsa vitumbuwa mmene akuitanira, kondakitala mmene akuchulira maina a malo, ana mmene akuwerengera pa masewera. Onsewa akuimba osadziwa. Kayendedwe ka mapazi kali ndi ng'oma yake, ndipo macuni ambiri amabwera munthu ali pa njira, akusamba, kapena atangodzuka. Gona tulo tokwanira. Sunga Lamulungu, ngakhale munda umafuna kugonera.

Usaope kuonetsa mnzako nyimbo yosatha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Imbira mlongo wako, imbira anzako awiri a m'kwaya, uwapemphe avomere. Kawirikawiri yankho limene iwo adzaponya mosaganiza ndilo limene iwe unalisowa sabata yonse. Kwa opeka nyimbo za m'chalichi muyeso ulipo kale, pakuti Msonkhano wa ku Vatican uja unapempha kuti pakhale nyimbo zimene makwaya aang'ono ndi mpingo wonse angathe kuimba, ndi kuti mau ake acokere makamaka m'Malembo Oyera ndi m'mapemphero a Mpingo. Ngati agogo a pa benci lomaliza sangathe kuvomera pofika ndime yaciwiri, nyimboyo ipeputseni.

Njira ziwiri zopita kuphompho

Citsime cikaphwa, pali anzake ena amene amauza mnyamata kuti nzeru zili m'botolo kapena mu utsi wa camba. Tinaona m'makomboni mwathu zimene tujilijili tinacita kwa acinyamata boma lisanatiletse mu 2012. Mowa umagonetsa woweruza uja, n'zoona, koma umagonetsanso woumba. Cimene cinamveka cokoma pakati pa usiku, m'mawa cimakhala phokoso. Ndipo tsiku lotsatira mnyamata sakhulupiriranso kuti angapeke kanthu ali bwinobwino. Pamenepo luso lasanduka kapolo.

Njira yaciwiri ndi kuba. Woimba akugogoda, nthawi yatha, ndipo pa foni pali cuni cokoma ca munthu wa kutali amene sadzamva. Lamulo lacisanu ndi ciwiri silinena za nkhuku ndi njinga zokha. Dziko lathu nalonso lili ndi lamulo loteteza eni nyimbo ndi zolemba, la mu 1994, ndipo bungwe la ZAMCOPS lilipo kuyang'anira za eni nyimbo. Masiku ano kutali kulibe. Nyimbo yoikidwa pa intaneti m'mawa mu Chawama imamveka ku Lilongwe ndi ku London dzuwa lisanalowe. Makwaya nawonso asamale. Kuimba nyimbo ya parishi ina n'kwabwino, koma pojambula chulani mwini wake, ndipo mupemphe cilolezo. Kuli bwino kuuza woimba zoona, kuti, "Mkulu wanga, ndipatseni sabata ina," kusiyana ndi kumugulitsa mbuzi ya eni.

Mau kwa makolo ndi a pabanja

Mwana wanu akakhala masiku osatulutsa nyimbo, musafulumire kunena kuti, "Tinakuuza kuti imeneyi si nchito." Mau otere amakwirira citsime ndi miyala. Mpatseni cakudya, mutumeni kumsika kuti aone dzuwa, muimbireni nyimbo ya kwanu. Koma khalani maso. Ngati kuuma kwa nyimbo kwafika pa kusadya, kusagona, kudzitsekera ndi kunena kuti moyo ulibe phindu, imeneyo si nkhani ya cuni ayi, ndi matenda, ndipo ali ndi mankhwala. Sergei Rachmaninoff wa ku Russia, nyimbo yake yaikulu yoyamba itaimbidwa moipa ndi kunyozedwa mu 1897, anakhala pafupifupi zaka zitatu osapeka kanthu kooneka. A pabanja pake ndiwo anamulimbikitsa kukaonana ndi dokotala, Nikolai Dahl, mu 1900. Caka cotsatira anatsiriza nyimbo ya piyano imene ikuimbidwa mpaka lero, ndipo pa cikuto cake analembapo dzina la dokotalayo pothokoza. Kupita ndi mwana ku kiliniki kapena kwa mlangizi si manyazi. Manyazi ndi kumusiya yekha m'kacipinda ka mabulangete.

Ndipo inu a m'kwaya, mphunzitsi wanu akabwera pa Cisanu manja ali zii, musang'ung'udze. Tulutsani nyimbo yakale muiimbe bwino koposa kale. Akulu anati nyimbo imodzi sacezera gule, koma sanati zonse zikhale za lero. Yatsopanoyo ikacedwa Khrisimasi ino, idzapeza Pasaka.

Kwa onse oimba, oliza ng'oma, aphunzitsi a makwaya ndi anyamata a m'masitudiyo, cikondwerero cabwino ca Cecilia Woyera.